Lumbiro la Kumapeto kwa Buku

1. Phukusi la m'chikwama

Lachisanu masana, belu lowerukira litangolira, Tsabola anagwira mkono wa Namagalasi n'kumukokera kuseri kwa kalasi.

Atsikana awiriwa anali a Fomu 3, ndipo anayamba kukhala desiki imodzi ali ku pulayimale. Mayinawa anawapatsa ndi anzawo. Namagalasi ankavala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Tsabola anali wa pakamwa powawa, moti mnyamata womuputa sankabwereza.

Koma tsiku limeneli Tsabola analibe ukali. Maso ake anali ofiira.

"Tenga ichi," anatero, akutulutsa phukusi lokulunga m'pepala la khaki. "Amayi akuti ukapatse amayi ako. Ndi nsalu. Akuti ndi mafuno abwino pa udindo watsopanowu."

Amayi ake a Namagalasi anagwira ntchito ya ukalaliki pakhoti la m'taunimo kwa zaka zambiri, uku akuphunzira zamalamulo pang'onopang'ono. Tsopano anali atasankhidwa kukhala woweruza milandu, ndipo Lolemba ankayenera kukalumbira.

Achimwene ake a Tsabola anali dalaivala wa minibasi. Mwezi wathawo anagunda bambo wina wa panjinga, ndipo bamboyo anathyoka mwendo. Dalaivalayo anatuluka pa belo, koma mlandu wake unali pafupi kulowa m'khoti lomwelo.

"Nsalu yokha?" anafunsa Namagalasi.

"Yokha. Koma popereka utchuleko za achimwene. Osati zambiri ayi. Ungoti ndi munthu wabwino. Si umawadziwa iwe? Suja anakuthamangitsira kuchipatala tsiku limene unakomoka pa mpira?"

"Ndikukumbuka."

"Akawatsekera, ife tathera pompo. Amatidyetsa ndi iwowo. Ine sukulu ndisiya." Tsabola anamuyang'ana m'maso. "Sindinayambe ndakupemphapo kanthu, mnzanga."

Zimenezo zinali zoona. Namagalasi analandira phukusilo n'kulilonga pansi pa makope m'chikwama. Atafika kunyumba anakankhira chikwamacho kunsi kwa bedi, osauza munthu.

2. Mkanjo wakuda

Bambo ake a Namagalasi anali telala, ndipo ankasokera m'chipinda chakutsogolo kwa nyumba yawo. Iwo anakanitsitsa zoti akazi awo akagule mkanjo wa woweruza kusitolo.

"Ndavekapo akwati ndi abusa," ankatero. "Ndilephere kuveka mkazi wanga?"

Loweruka m'mawa amayi anakwera pampando atavala mkanjowo. Bambo anagwada pansi, mapini ali kukamwa, akupinda m'munsi mwake. Pansi ponse panali tizidutswa ta nsalu yakuda ndi choko.

"Imani chilili, bwana woweruza," anatero bambo. "Ndingakubayeni."

"Mukandibaya, kundende."

"Nanga wokusitirani mkanjo akhala ndani?"

Amayi anaseka mpaka mpando unagwedezeka. Kenaka anaitana mwana wawo. "Iwe, tatenga buku lija lili pamwamba pa kabati. Undimvetsere ngati lumbiro ndaliloweza bwino. Sindikufuna kukachita chibwibwi pamaso pa anthu."

Linali buku la malamulo aakulu oyendetsera dziko, lakutha m'makona chifukwa chogwiragwira. Namagalasi anakhala pa mulu wa nsalu n'kulitsekula koyambirira.

"Osati kumeneko," anatero amayi. "Pita kumapeto kwenikweni, mitu yonse itatha."

"Kumapeto kulinso zina? Kusukulu timangophunzira za ufulu wa anthu ndi nthambi za boma."

"Tsekula uone."

Namagalasi anapatula masamba mpaka anafika pamene panalembedwa kuti Mndandanda Woyamba. Anayandikitsa bukulo kumaso.

"Iii, apa akulongosola mbendera! Mitundu yake, m'litali ndi m'lifupi mwake. Palinso chizindikiro cha dziko ndi mawu onse a nyimbo ya fuko. Mpaka ndime ija timangoing'ung'udza pa asembule!"

"Pitiriza."

"Mndandanda Wachiwiri ndi mayina a maboma onse ndi malire ake." Anatsetsereka ndi chala. "Lathu ili apa. La kwa agogo nali."

"Wachitatu ndi umene tikufuna. Koma yamba wasuzumira wachinayi."

Namagalasi anawerenga pang'ono n'kukwinya nkhope. "Uwu ndiye wovuta."

"Si wovuta," anatero amayi. "Tsiku limene malamulo aakuluwa ankayamba kugwira ntchito, m'makhoti munali milandu yosatha. M'maofesi munali anthu olembedwa ntchito ndi malamulo akale. Ukuganiza kuti zonsezo anangozitaya? Mndandanda umenewo ndi umene unanena kuti milandu ipitirire, antchito akhalebe pa ntchito, ndipo malamulo akale osatsutsana ndi atsopanowa agwirebe ntchito. Ine ndinali nditangoyamba kumene ukalaliki. Ndinasungidwa pa ntchito ndi tsamba limenelo."

"Nanga anaziikiranji kumapeto, ngati n'zofunika?"

"M'kati mwa bukumo muli lamulo loti woweruza asayambe ntchito asanalumbire. Mawu a lumbirolo akanawathira pomwepo, pamodzi ndi mayina a maboma ndi miyeso ya mbendera, bwenzi munthu akusochera asanamve mfundo. Ndiye lamulo limangokulozera kuti ukaone mndandanda wakutiwakuti. Koma usazipeputse poti zili kumapeto. Mphamvu yake ndi yomweyo."

Bambo anachotsa mapini kukamwa. "Zili ngati mabatani. Timasokerera pomaliza, koma tayesa kutuluka panja opanda."

"Inu sokani," anatero amayi.

3. Mawu amene amayi ankadumpha

Mu Mndandanda Wachitatu munali malumbiro okhaokha: la mtsogoleri wa dziko, la nduna, la aphungu, ndipo kunsi kwake la oweruza milandu. Pa dzina panali kampata kopanda kanthu.

"Lonse ndi lomweli?" anadabwa Namagalasi. "Lalifupi chonchi?"

"Lalifupi pakamwa. Ndiyambe?"

Amayi anawongola mapewa n'kukweza dzanja lamanja. Mkono wa mkanjo unalendewera.

"Ine, wakutiwakuti, ndikulumbira kuti ndidzatumikira dziko langa mokhulupirika pa udindo wa woweruza milandu. Ndidzateteza malamulo aakulu a dziko lino. Ndidzachitira chilungamo anthu onse motsata lamulo, osaopa munthu, osayang'ana nkhope, osatengeka ndi chidani."

"Mwadumpha," anatero Namagalasi.

"Pati?"

"Apa akuti, osatengeka ndi chikondi kapena chidani."

Amayi anabwereza kuyambira pachiyambi. Atafika pomwepaja anadodoma, n'kudumphanso.

"Amake mwana, mwatani kodi?" anatero bambo. "Chikondi chakulakwirani chiyani? Kapena ndi ine ndalakwa?"

Amayi anamwetulira, koma Namagalasi sanaseke. Anali akuyang'anabe pa tsambalo.

"Amayi," anatero motsitsa, "za chidani ndikumva. Koma chikondi n'cholakwika?"

Amayi anakweza mkanjo kuti usakwekwe pansi, anatsika pampando, n'kukhala pafupi naye pa mulu wa nsalu.

"Si cholakwika, mwanangu. N'chifukwa chake lilime langa likukana mawu amenewo. Mvetsera.

"Ine ndakhala m'khoti zaka zambiri ndikulemba zonena za anthu. Oweruza amene ndinawaona akugwa, ambiri sanali anthu oipa. Sanagwe ndi mantha, sanagwe ndi chidani. Anagwa ndi chifundo. Kunabwera mlamu, kunabwera mnzawo wa kutchalitchi, kunabwera mayi wolira amene anawatungirapo madzi pa maliro. Munthu woipa ukamuona umatseka chitseko. Koma amene umamukonda amalowa osagogoda.

"Pa mlandu uliwonse pamakhala anthu awiri. Mmodzi ukhoza kumudziwa, kudziwa ana ake ndi mavuto ake. Winayo sunamuonepo. Koma nayenso ali ndi amayi ake amene akulira kwinakwake, kungoti kulira kwawo sikufika pakhomo pako. Woweruza akatsata mtima wake, wachiwiriyu waluza asanatsekule pakamwa. Tsono lumbiroli analilembera iyeyo, amene alibe womudziwa.

"Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. M'mudzi ndi mawu abwino: ukathandiza mnzako, mawa adzakuthandiza. Koma kwa woweruza mawu omwewo ndi msampha. Wondipatsa kanthu waika, ndipo tsiku lina adzabwera kudzatenga. Chimene adzatenge si changa ayi. Ndi chilungamo cha munthu wina.

"Tsono kuyambira Lolemba, pakhomo pano padzabwera anthu ambiri okukonda. Ena adzakupatsa lifiti, ena adzakugulira fanta, ena adzakutuma ndi timaphukusi. Sikuti onse ndi achinyengo. Ambiri ndi anthu ozingwa, ndipo wozingwa amagwira ndi tsekera lomwe. Usadane nawo. Koma usawanyamulire katundu wawo kubwera naye kwa ine. Ndikulumbira ndine, koma chitseko cha nyumba ino tikuchisunga tonse."

Bambo anali atasiya kusoka.

Namagalasi anatseka bukulo n'kuliika pamakina. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso. Kenaka anadzuka n'kulowa kuchipinda kwake.

4. Patebulo lodulira nsalu

Anatuluka atanyamula phukusi lija ndi manja awiri. Analiika patebulo lodulira nsalu, pambali pa sizasi.

"Lachokera kwa amayi ake a Tsabola," anatero. "Anati ndinene kuti ndi mafuno abwino. Koma anatinso nditchuleko za achimwene ake. Ndinavomera, amayi. Ndinalandira."

Mawu omalizawo anatuluka ndi misozi.

Amayi sanaligwire phukusilo. Anatambasula manja, ndipo Namagalasi anagwera m'mkanjo wakudawo. Pini imodzi inamukanda patsaya, koma sanasunthe.

"Walandira, koma sunabise," anatero amayi, akumusisita kumsana. "Ukanangoti ndi mphatso, ine bwenzi nditathokoza, bambo akowa n'kundisokera diresi. Tsiku la mlandu bwenzi ndikulowa m'khoti nditavala nsalu ya mbali imodzi, osadziwa."

"Ndiye achimwene akewo muwamanga?"

"Sindiwamanga, sindiwamasula. Mlandu umenewo sindiukhudza n'komwe. Tsabola wakulira m'nyumba muno, ndamumetapo tsitsi ndi manja angawa. Ndikangolumbira ndikauza akuluakulu anga kuti aupereke kwa woweruza wina, wosawadziwa onse awiri. Ndi mmene lamulo limafunira."

"Nanga Tsabola ndikamuuza chiyani?"

"Ukamuuze zomwezo. Ukamuuzenso kuti kuseri kwa khoti kuli ofesi ya maloya a boma othandiza anthu osowa. Achimwene akewo apiteko msanga. Akakaonenso bambo anavulala uja, osati kukamunyengerera, koma kukamuzonda ngati munthu. Zimenezi ndingauze aliyense wondifunsa mumsewu, ndiye si kukondera."

Amayi anayang'ana phukusi lija. "Ili akabweza bambo ako madzulo."

"Ayi," anatero Namagalasi, akupukuta m'maso. "Ndinalandira ndine. Ndikabweza ndekha."

Makolowo anayang'anana. Bambo anadzuka, maondo akulira, n'kukhala pampando uja.

"Chabwino. Koma tamvera za telala, poti za woweruza wamva kale. Kubweza mphatso n'kovuta kuposa kulandira. Mayi amene uja nsaluyi sanaitole. Mwina ndi imene ankasungira ukwati wa mwana wake. Ukakaiponya pakhomo ngati chinthu chonunkha, wamuvula pamaso pa anthu, ndipo chilonda chimenecho sichipola.

"Usakapite ngati wapolisi. Usakawalalikire zimene wawerenga m'bukumu. Ukalowe, ukapereke moni, ukadikire pasakhale anthu ena. Mnzakoyo akakulalatira, umusiye alalate. Si iwe akukulalatira, ndi mantha. Akatha, usathamangire kubwerera kuno. Ukhale naye. Ngati akuchapa, chapa naye. Munthu amene wamukaniza chinthu chimodzi umupatse zina zonse zimene ungathe, kuti adziwe kuti wakana nsalu, sunakane iyeyo."

Atatero anatenga jumbo yakuda n'kuikamo phukusilo, kuti anthu a m'njira asaone.

5. Kwa Tsabola

Kwa Tsabola kunali kutsidya kwa msewu waukulu, pa mdadada wa nyumba za lendi zoyang'anana makomo. Pakati pake pankadutsa ngalande, ndipo ana ankaidumpha uku ndi uku. Dzuwa linali litapendeka pang'ono pamene Namagalasi anafika.

Anapeza Tsabola kuseri kwa nyumba, atawerama pa beseni la zochapa. Amayi ake anali asanabwere kumsika. Chapafupi panali kanyumba ka malata kosungiramo makala.

Tsabola anaona jumbo ija n'kuwongoka. Thovu linatsika m'mikono mwake.

"Akana?"

"Akana. Koma tamva kaye."

"Ndimve chiyani? Mwakwera, basi. Ife ndife anthu onunkha makala."

"Si choncho, Tsabola."

"Nanga n'chiyani? Pakamwa pokhapo panakulemera? Ine ndakumenyerapo nkhondo kangati? Amene ankakutcha kadzidzi aja anasiya chifukwa cha ndani?"

Namagalasi analowa m'nyumba n'kuika jumbo ija pampando, kuti amayi a mnzake adzaipeze okha. Atatuluka anapinda manja a bulauzi, anagwada mbali ina ya beseni, n'kutola siketi ya yunifolomu.

"Siya zovala zanga," anatero Tsabola.

Namagalasi anapitiriza kufikisa.

Anachapa limodzi. Atafika pa bulangete, Tsabola anayesa kulifinya yekha koma linamulemera. Namagalasi anagwira mbali inayo. Anapotokola, wina uku wina uku, madzi akugwera pamapazi awo. Ali m'kati mopotokola, nkhope ya Tsabola inakwinyika, ndipo analira mokweza ngati kamwana.

Anakhala pansi onse awiri, bulangete lonyowa lili pamiyendo. Namagalasi anamufotokozera zonse bwinobwino: kuti amayi ake saweruza mlanduwo, kuti upita kwa woweruza wina, ndi kuti kuseri kwa khoti kuli maloya othandiza ulere.

"Ulere?" anafunsa Tsabola, akufwenthera.

"Ulere. Lolemba tikaweruka ndikuperekeza, tikafunse limodzi. Amayi akuti achimwene apiteko msanga."

"Amayi ako sanakwiye nafe?"

"Ayi. Akuti anakumetapo tsitsi."

"Anandimeta moipa," anatero Tsabola, ndipo anaseka misozi ili m'masaya. Anatsamira mutu paphewa la mnzakeyo. "Ndimaona ngati subweranso kuno."

"Ndipite kuti? Masamu andikopere ndani?"

"Iwe, wokopera mnzake ndani pakati pa ine ndi iwe?"

Nthawi yomweyo m'kanyumba ka makala muja munamveka kutsokomola. Kunali kutsokomola kwa munthu wamkulu, kochita kutsekereza ndi dzanja.

Namagalasi anatembenuka. Tsabola anamugwira dzanja mwamphamvu, zala zake zili zizirizizi ndi madzi.

"Muli ndani mmenemo?"

Tsabola anayang'ana kumakomo a anthu oyandikana nawo, kenaka anayandikitsa pakamwa kukhutu kwa mnzake.

"Dzulo linali tsiku lokaonekera kupolisi, monga anawalamulira pa belo. Sanapite. Achita mantha. Apolisi anabwera m'mawa uno, amayi anawauza kuti sakudziwa kumene ali. Pali mnzawo wa lole amene akuwoloka malire mawa. Akuti awatenga."

Chitseko cha malata chinalira n'kutsekuka pang'ono. Achimwene ake a Tsabola anasuzumira, malaya ali bii ndi makala, kachikwama kali m'manja. Anali ataonda kwambiri. Ataona Namagalasi anayesa kumwetulira.

"Achemwali," anatero ndi mawu osasa, "simunandione, eti?"